Msewu Umene Anauyeza Ali m'Bwato

Ine ndinabadwira ku Nkhotakota, pamchenga penipeni, koma madzi ndimawaopa. Ndaneneratu kuti wofuna kuseka asekeretu, tipitirize nkhani. Nyanja ndinaiwoloka kamodzi kokha, ndili mnyamata wometa kale ndevu, pa chombo cha thanga chimene chinanyamula mpunga. Mwera unatipeza pakatikati. Masiku awiri ndinakumbatira makina anga osokera, ndikusanza mpaka ndulu, ndipo titakocheza ku Mbamba Bay ndinagwada pamchenga n'kuuza Mulungu kuti akadzandionanso m'bwato adzandilange yekha. Lonjezo limeneli ndalisunga kuposa ena onse amene ndinalonjeza m'tchalitchi.

Nkhondo yachiwiri inali itatha, dziko la Tanganyika lili m'manja mwa Angerezi. Ndinapeza khonde la sitolo ya munthu wakwathu n'kuyamba kusoka. Koma Mbamba Bay wa masiku amenewo anali wochepa, ukasokera anthu ake onse miyezi itatu umayamba kusoka ntchentche. Ndiye mvula ikatha ndinkaika makina a pamanja pankhata, n'kuuyamba ulendo wa kumpoto, mudzi ndi mudzi, mpaka ku Lituhi. Wapansi.

Muyenera kumvetsa kuti anthu a m'gombe limenelo sankayenda pansi. Munthu akafuna kukaona mlongo wake kuseri kwa phiri ankakankha bwato. Maliro, bwato. Mlandu, bwato. Njira zinalipo, koma zidutswazidutswa: ya amayi yopita ku minda ya chinangwa, ya kumanda, ya osaka nguluwe. Palibe amene anazilumikizapo chifukwa palibe amene anali ndi chifukwa. Ine ndinazilumikiza ngati zigamba, ndikusochera, ndikulumidwa ndi linthumbu, mpaka ndinadziwa pamene mtsinje uliwonse umawolokeka osanyowa mawondo. Anandipatsa dzina loti fundi mbuzi, ndiye kuti mmisiri mbuzi, poti mbuzi ndi imene imadana ndi madzi. Ana ankandilirira mee ndikamalowa m'mudzi, makolo awo akunamizira kuwaletsa.

M'kamudzi kena ka m'gombe, kufupi ndi ku Ngumbo, ndi mmene ndinaonera mtsikana wina. Ndinali nditayala makina pansi pa mtengo wa mango, iye n'kubwera ndi thanga long'ambika la bambo ake. Analiponya patsogolo panga n'kunena kuti, "A fundi, mulisoke mosamala. Paja lakhala pamadzi, lingakuzunguzeni mutu." Anzake anaseka. Ine, amene pakamwa panga sipasowa yankho, ndinangotola thangalo n'kuyamba kufunafuna singano. Thangalo ndinalisoka masiku atatu pamene linali la tsiku limodzi, ndipo iye anadziwa chifukwa chake.

Chaka chotsatira ndinatuma mkulu wina wakwathu kuti akandifunsire mbeta. Bambo ake a mtsikanayo, amene aliyense ankangowatchula kuti a mzee, ndiye kuti mkulu, anali mwini khoka lalikulu la m'mudzimo, munthu wosalankhula kawiri. Kumeneko sakana munthu pamaso. Anangoti, "Tumesikia," ndiye kuti tamva, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mawu amene ananena ankhoswe anga atatembenuka anandipeza ndithu: "Munthu wosagwira nkhafi ndimupatse mwana wanga kuti akamudyetse ulusi?"

Zinapita zilimwe ziwiri ndikumva tumesikia yemweyo. Chachitatu mtsikanayo anandiuza mosabisa kuti kwabwera wina, msodzi wa bwato lakelake, ndipo bambo akumuona ndi diso labwino. Anati akhoza kukana chilimwe chimodzi chokha, kupitirira apo sangathe. Ndinamukonda mkazi ameneyo, ndipo ndinkagona ndi mantha oti ndimutaya.

Ndi chaka chomwecho pamene kuboma kunachokera mawu a msewu. Gombe lonselo linali ndi mabaraza atatu, ndiye kuti mabwalo a mafumu ndi akuluakulu oyendetsa dera: la kumwera kwathu, la pakati, ndi la kumpoto. Boma linati lipereka mapiki, mafosholo ndi mitanda ya milatho, ndipo msewu ukatha lidzatumiza lole. Koma linati silimva za misewu itatu. Mabaraza atatuwo agwirizane mzere umodzi, kuchokera ku Mbamba Bay kukafika ku Lituhi, aliyense adzakumbe gawo lake, magawowo akakumane.

Apa ndiyenera kuwayamika anthu aja, ngakhale ndiwaseka posachedwa. Anali anthu oti akhala akulimbirana malo oponyera khoka kuyambira kwa makolo awo. Akumwera ankapemphera kwina, akumpoto kwina, ndipo aliyense ankaona ngati mnzake ndi amene adzapse. Zilankhulo zawonso zinkasiyana, moti pabwalo ankakumanira pa Chiswahili. Koma anakhala pansi. Kuti asamenyane anapangana malamulo awiri. Loyamba, baraza lililonse ndi limene lili ndi mawu omaliza pa gawo lake, wina asaikepo mlomo. Lachiwiri, mzere uliwonse woti ukambidwe ukhale ndi mwini wake, mwana wa dera limenelo, osati munthu wongodutsa. Popanda malamulo amenewa sakanakhala n'komwe pamphasa imodzi.

Atatero anasankha anthu anayi anayi kuti akaone pamene msewu udzadutse, pamodzi ndi kalani, mlembi wa zikalata zawo. A mzee aja anali mtsogoleri wa anayi a baraza la pakati. Ndiye akuluakulu khumi ndi awiri aja, pofuna kukayeza msewu wa lole, anachita chimene anachita moyo wawo wonse. Anakwera bwato.

Sindikunama. Anatenga ngalawa yaikulu, anayenda cham'mbali mwa gombe masiku anayi, akuloza ndi zala, kalani akujambula pepala lili pabondo. Kuchokera pamadzi gombe lonse limaoneka loyera, losalala, ngati wina anasesa. Anabwerako atagwirizana bwino lomwe, mzere wawo ukutsata mchenga, ukudutsa pakhomo la mudzi uliwonse wa asodzi. Wa a mzee unali pakati penipeni, msewu ukudutsa pamene amayanika usipa.

Nkhaniyi itandipeza pakhonde paja ndinaseka mpaka ndinasokera dzanja la malaya kukhosi. Ndinati, "Umenewo ndi msewu wa nsomba. Lole yake adzaipalasa ndi nkhafi." Amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mawu angawo anakwera bwato tsiku lomwelo, ndipo anakafika ku Ngumbo ine ndisanamalize kuphwasula malaya aja.

Kuboma analandira pepalalo, koma anabweza yankho loti mzere wa papepala sukumbidwa. Akhome zikhomo pansi, kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kuti okumba adzatsate. Apa ndi pamene zinawavuta. Aliyense wa akulu aja ankadziwa njira ya kumunda kwake basi. Kalani, amene ndinkamusokera makabudula, ndi amene anakumbukira kuti pali chitsiru china chimene chimayenda gombe lonse wapansi. Anabwera n'kundipempha kuti ndiwatsogolere.

Ndinavomera, koma mtima unali m'mwamba. Ndinkadziwa malo amodzi amene mzere wawo sungatheke ngakhale atakumba ndi angelo, ndipo malowo anali pa mudzi wa a mzee. Ndinatumiza mawu kwa mtsikana uja kudzera mwa mayi wina wogulitsa miphika. Yankho linabwera lalifupi. Anati, "Muwauze a fundi atsogole, atseke pakamwa. Mapazi a bambo akawauza okha."

Anali malangizo abwino, ndipo ndinawasunga masiku asanu athunthu.

Tinanyamuka m'mawa, ine patsogolo, akuluakulu pambuyo, mitolo ya zikhomo ili pamapewa a anyamata a m'midzi imene tinkadutsa. Ndinaona zinthu. Anthu amene pamadzi ankaimirira m'bwato mafunde akuwinduka osagwedezeka, pamtunda ankayenda ngati abakha. Mapazi awo anazolowera mchenga ndi thabwa lonyowa, osati miyala ya m'mapiri. Pofika tsiku lachiwiri wina anali atamanga nsanza kuphazi, wina akufunsa ngati Lituhi anamusuntha. Koma ankathandizana. Ndinaona mkulu wa kumpoto akuchotsa minga kuphazi la mkulu wa kumwera ndi singano yanga, anthu amene chaka chathachi sakanapatsana moni. M'gawo la kumwera, pamene mchenga unkakana, eni ake ankangoti, "Fundi, iwe umadzera pati?" Ndikaloza, ankakhoma pomwepo, nkhani n'kutha.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi tinafika kwa a mzee. Ndikufotokozereni malowo. Kuchokera pamadzi umaona mchenga woyera, kumbuyo kwake bango wobiriwira. Chikomekome cha mkuyu. Kuseri kwa bangoyo kuli dambo la thope limene mtsinje umatayiramo madzi ake, ndipo siliuma ngakhale mu Okutobala. Mchengawo ndi kamzere chabe pakati pa thope ndi nyanja, mvula ikagwa mtsinje umaudula pamene wafuna. Kumpoto kwa mudziwo thanthwe limatsika chiriri kulowa m'madzi. Ine ndinkalowa m'mudzimo ndi kanjira ka amayi ka kumunda, n'kutulukanso ndi komweko. Njira yanga yeniyeni inkakwera kuseri kwa phiri, ulendo wa ola limodzi kuchokera m'mudzi, kumene mtsinje umapanikizika pakati pa miyala iwiri moti mitanda inayi ikwana mlatho.

Anthu a m'mudzimo anatilandira ndi nthungululu. Anali atasesa kale pamene msewu udzadutse. Amayi ankakamba za mmene usipa wawo udzakwerere lole m'malo mowola podikira mwera kuti uleke. Mtsikana uja anali pakati pawo, ndipo sanandiyang'ane n'kamodzi komwe.

A mzee anatenga chikhomo okha n'kuchikhoma pamchenga. Chinalowa ndi nkhonya imodzi. Akumwera anayang'ana bango, akumpoto anayang'ana thanthwe, onse n'kuyang'ana pansi. Anali ataona, koma lamulo lawo lomwe linawamanga pakamwa, poti gawolo silinali lawo. Atatu a baraza la pakati sakanatsutsa mtsogoleri wawo pamaso pa mudzi wake.

Kenako a mzee anatembenukira kwa ine. Aka kanali koyamba kundilankhula maso ndi maso. Anati, "Iwe fundi, akuti ndiwe mwini mapazi. Lole idutsa pano kapena ayi?"

Ndinamva bwino lomwe chimene ankandipatsa. Linali khomo lotsekula. Ndikanangoti idutsa, bambo, mwina chilimwe chomwecho ndikanakhala mkamwini. Msewu ukanadzakokoloka patapita chaka, koma ndani akanadzaimba mlandu telala? Ndinanena kuti, "Bambo, ine ndine wosoka. Za malole sindizidziwa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati, "Pakhonde la sitolo unkazidziwa. Ndimayesa umaopa madzi okha. Kani ndi pamtunda pomwe?"

Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneko ndi kumene kunandiwononga. Mutu unatentha. Ndinasolola mponda wa bwato umene unali pafupi, mtengo wautali kuposa munthu, n'kulowa nawo m'bango, onse akunditsatira ndi maso. Ndinaubaya pansi ndi dzanja limodzi. Unalowa wonse mpaka chibakera changa chinagunda thope. Ndinausiya momwemo n'kubwerera.

Ndikanalekera pomwepo zikanakhala bwino. Koma ndinaloza zitsa za mitengo zimene zinkaoneka m'madzi patsogolo pa mudzi, n'kunena kuti, "Zitsa izo si za mango a bambo anu? Nyanja inadya mudzi wawo inu mukuona, lero mukufuna muipatsenso msewu? Msewu si khoka, bambo, loti mulikokere pakhomo panu. Anthu a mabaraza atatu adzathyoka misana chaka chonse, mvula imodzi n'kudula pano, akumwera ndi akumpoto osakumananso. Lole pano sidutsa. Mukafuna mundimenye, koma sidutsa."

Mayi wina anagwira pakamwa. Kutchula mudzi womira wa bambo a munthu, pamaso pa anthu ake, mlendo, wofunsira mbeta pakhomo lomwelo, ndinadziwa ndisanatseke pakamwa kuti ndadziwotchera ndekha. Nditayang'ana kumene kunali amayi, mtsikana uja anali atachoka.

Kalani ndi amene anapulumutsa tsikulo. Anati poti tafika kale, palibe choletsa kukaona njira ya fundi, kungoona chabe, iye ajambula mizere iwiri, baraza likasankhe. Tinakwera phiri lija dzuwa lili paliwombo. Ndinawaonetsa miyala iwiri ija, akumpoto anaipondaponda, akumwera anayeza ndi mapazi. A mzee anafika omalizira, chala chakuphazi chikutuluka magazi. Ndinavula nsapato zanga za matayala n'kuziika patsogolo pawo. Anazilambalala ngati ndowe.

M'gawo limenelo simunakhomedwe chikhomo china. Tinapitirira mpaka ku Lituhi, ndipo masiku onse otsalawo a mzee sanandiponyere ngakhale diso.

Msonkhano wa mabaraza onse anauika patapita milungu itatu. Milungu imeneyo ndinasoka zokhotakhota. Mayi wa miphika uja anabwera ndi mawu atatu okha: "Akuti paja anakuuzani." Ndinaganiza zolongedza makina n'kubwerera kwathu, koma kwathu kunali kutsidya, ndipo njira yake inali ya bwato. Ndinadzitukwana, ndinatukwana lole imene ndinali ndisanaione, ndinatukwana ndi Mngerezi yemwe amene anaganiza za zikhomo. Koma ndikadzifunsa ngati ndikanatha kunena kuti idutsa, ndinkapeza kuti ayi. Chimene ndinkanong'oneza nacho bondo chinali zitsa zija basi.

Tsiku la msonkhano ndinapita, ngakhale panalibe amene anandiitana. Unachitikira ku baraza la pakati, m'chisakasa cha udzu chopanda makoma, m'mawa. Anthu anadzaza mpaka kunja. A m'mudzi wa a mzee anabwera ndi mabwato asanu ndi awiri n'kukhala mbali imodzi. Ine ndinaima kumbuyo, pafupi ndi mtengo womangirapo mbuzi za milandu, ndipo wina sanalephere kunenapo kanthu.

Gawo la kumwera linadutsa msanga, la kumpoto chimodzimodzi. Atafika pa la pakati, kalani anayala pepala la mizere iwiri. Wapampando, mfumu ina yokalamba ya kumpoto, anafunsa mwini wa mzere wa m'gombe. Anthu analoza a mzee. Anafunsa mwini wa mzere wa kuphiri. Kalani anayankha motsitsa mawu kuti ndi fundi wa ku Nyasalandi.

Wapampando anapukusa mutu. Anati, "Ameneyo ndi mgeni, mlendo. Tinapangana tokha kuti mzere ukhale wa mwana wa dera. Alipo wa baraza la pakati amene akuutenga mzere umenewu kukhala wake?"

Palibe amene anautenga. Ndinaona akumwera akusisita mawondo, akumpoto akuyang'ana kudenga. Onse ankadziwa kuti akasaina mzere wa m'gombe asainira ntchito yachabe, koma kuswa lamulo lawo kukanaswa msonkhano wonse, aliyense n'kukwera bwato lake. Wapampando anafunsa kachiwiri. Kalani anali atanyamula kale cholembera kuti afafanize mzere wanga. A mzee sankafunika kuchita chilichonse. Akanangokhala chete kanthawi kochepa, msewu unali wawo, ndipo telala wamwano uja akanathera pomwepo.

Koma a mzee anaimirira. Anatenga nthawi kukonza nsalu ya paphewa, kenako anati, "Kalani, dikira. Mwanena kuti munthuyo ndi mgeni. Kodi mwamuna wa mwana wanga ndi mgeni m'dera lino?"

Wapampando anati, "Mwana wanu uti, mzee? Sitinamve za ukwati."

"Mwamva lero. Fundi uyo waima ndi mbuziyo ni mkwe wangu. Ndi mkamwini wanga. Pakamwa pake ndi poipa, ndipo zimenezo tikakambirana kunyumba. Koma mzere wakewo ndi wa pakhomo panga. Ulembeni m'dzina langa, wa m'gombewo mufafanize."

Mbali ya anthu a m'mudzi mwawo kunabuka phokoso. Bambo wina anaimirira n'kukuwa kuti mwatigulitsa chifukwa cha wosoka zigamba. Amayi ena anatuluka akulira, ndipo sindikuwaimba mlandu, poti amene ankadzasenza madengu a usipa ola lathunthu kukwera phiri anali iwowo. A mzee anakhala pansi osatembenuka. Wapampando anafunsa atatu ena a baraza la pakati, iwo n'kuvomera ndi mitu. Akumwera ndi akumpoto anapuma ngati anthu amene atula mtolo. Mabaraza atatu anadinda zala papepala limodzi dzuwa lisanafike pamutu.

Ine ndinakhala pansi pomwepo pa ndowe za mbuzi. Ndinalira, ndisabise. Anthu ankadutsa akundigwira paphewa, ena akunditukwana, ine osamva onsewo.

Zimene zinatsatira sizinali zokoma kwa a mzee. Anthu a m'mudzi mwawo anasiya kubwera kudzakoka nawo khoka kwa miyezi ingapo, moti ankalikoka ndi ana awo okha. Posankhanso akuluakulu a baraza, dzina lawo silinatchulidwe. Munthu amene ankati akatsokomola mudzi n'kukhala chete anayamba kudutsidwa panjira popanda moni. Sanadandaule kwa aliyense. Msewu unakumbidwa zilimwe ziwiri, magawo atatu aja anakumana ndithu, ndipo mlatho wa pamiyala iwiri unapirira mvula imene inadula mchenga wa m'gombe pawiri. Koma zimenezo zinadza pambuyo, ndipo sizinawabwezere mpando wawo.

Chimene chinkandivuta ine chinali china. Sindinkadziwa ngati munthu uja anaimirira chifukwa anakhulupirira mawu anga, kapena mwana wake anamulirira mpaka kutopa. Ndinamufunsa mtsikanayo, tsopano tikulankhulana poyera. Anati iye sanawapemphe kanthu, anali atakwiya nane kwambiri moti akanakondwa ndikanamira m'thope lomwelo. Anangoti bambo ankachoka m'mawa masiku ena osanena kumene akupita, osatenga bwato.

Ukwati utayandikira panafunika kuwasokera a mzee jekete ndi thalauza. Mwamwambo mkamwini sayandikira apongozi ake chotero, amalankhula nawo ali chapatali, maso ali kumbali. Koma telala pagombe lonselo ndinali ine ndekha. Ndinapita ndi tepi yanga m'mawa wina, ndinawapeza pakhonde akuluka ukonde. Anaimirira n'kutambasula manja. Ndinayeza mapewa, ndinayeza chifuwa. Ndinali nditakonza mawu othokoza njira yonse, koma ndikati nditsekule pakamwa iwo ankati, "Usandifinye m'khwapa."

Kenako ndinagwada kuti ndiyeze mwendo. Anakweza nsalu yawo pang'ono, ndipo ndinaona miyendo yonse iwiri, kuyambira mu akakolo mpaka m'ntchafu, ili ndi zipsera zatsopano. Zina zinali zochekedwa ndi bango, zina timadontho takuda ta misundu, zina zisanapole bwino. Zipsera zotero sizichokera m'nyanja. Ndinakweza maso.

Iwo ankayang'ana kutsogolo. Anati, "Masiku asanu ndi limodzi ndinalowamo ndekha ndi mponda, kufuna pouma poti ndidzakuchititse manyazi pabwalo. Ndinayamba kumtsinje mpaka kuthanthwe. Palibe." Kenako anati, "Za zitsa za bambo anga usadzazitchulenso."

Ndinati, "Sindidzatero, bambo. Ndinalakwa."

"Yeza, mwananga, ukonde ukundidikira."

Muyeso wa mwendo ndi ntchito ya kamphindi. Ine ndinakhala chogwada pamenepo nthawi yaitali, tepi ili m'manja, manambala osaoneka, ndipo iwo sanandifulumizitsenso.